Kapeti wa pa tsinde la chivundikiro cha injini: nkhani yagona m'munsi mwa thabwa

Pa boti lokhala ndi injini ya m'kati, kapeti sayambira kutha pomwe anthu amaponda kwambiri ayi. Amayambira pa tsinde la chivundikiro cha injini, felemu lalifupi lija limene limazungulira injini pansi, pomwe bokosi lonse limatsamira likatsekedwa. Palibe amene amayendapo. Koma mukaona maboti amene agwira ntchito zaka zambiri, mupeza kuti pamenepo ndiye kapeti wada, wasosoka m'makona, ndipo m'munsi mwake muli mzere wakuda wosachoka ngakhale muchape chotani. Boti langa ndinaligula kwa munthu wina litayendapo kale. Khushoni ya pamwamba pa chivundikiro inali bwinobwino, koma kapeti wa pa tsinde anali atamatuka mbali imodzi, akununkha chinyontho chosakanikirana ndi oyilo.

Ambiri ntchito imeneyi amaiyesa ya madzulo amodzi: kusenda wakale, kupaka guluu, kumata watsopano, basi. Kumatako n'kwachidule ndithu, sindikukana. Koma chimene chimapha kapeti pamalo amenewa chili kunsi kwake, m'thabwa, makamaka m'mphepete mwake mwa pansi. Munthu akapanda kukonza kumeneko, watsopanoyo sachedwa kutsatira mnzake.

Maboti amene amakhala ndi tsinde lotere ndi a mitundu iwiri. Pali aja okokera anthu ochita masewero otsetsereka pamadzi, amene injini yake imakhala pakati penipeni pa boti, itafunditsidwa bokosi lotsekulira m'mwamba. Ski Nautique ya kampani ya Correct Craft, imene inatuluka mu 1961, ndi chitsanzo chodziwika cha kamangidwe kameneka. Ena injini yawo ili kumbuyo, yolumikizidwa ndi mwendo wotulukira kunja kwa boti, njira imene Volvo Penta inabweretsa pa msika mu 1959 ndipo MerCruiser inatsatira mu 1961. Pa maboti oterewa chivundikiro chimakhalanso mpando kapena pogona pootherapo dzuwa. Mitundu iwiri yonseyi, kwa zaka zambiri, tsinde lake ankalipanga ndi pulayiwudi, n'kulikulunga ndi kapeti yemweyo wa pansi pa boti kuti zifanane. M'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anayamba kusiya matabwa n'kumagwiritsa ntchito faiba ndi pulasitiki, koma maboti akale aja akadali pamadzi, ndipo ndi amene timagula ife ogula zogwiritsidwapo kale ntchito.

Madzi amafika pa tsindepo kuchokera mbali zonse. Wosambira akakwera m'boti amatsamira chivundikiro akudontha. Mvula ikagwa boti lili losafunditsa, madzi amayenderera pansi. Boti likanyamuka mwamphamvu mutu wake umadzuka, ndipo madzi onse amene ali pa kapeti wa pansi amathamangira kumbuyo n'kukaima pa chinthu choyamba chimene chawatchinga, chomwe ndi tsinde lomweli. Tsono amene ankapanga mabotiwa ankakonda kupinda kapeti n'kumulowetsa kunsi kwa thabwa, n'kumukhomera kumeneko, chifukwa kutero kumabisa mphepete ndipo kumaoneka kwaudongo. Kwa maso n'zabwino. Kwa thabwa ndi imfa.

Chifukwa chake ndi ichi. Kapeti wa m'maboti amapangidwa ndi polypropylene, imene ogulitsa amaitcha olefin. Ndi pulasitiki amene Giulio Natta wa ku Italy anapeza kapangidwe kake kolimba mu 1954, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1963 limodzi ndi Karl Ziegler. Ulusi wake sumwa madzi, suwola, ndipo utoto wake amauthira pulasitikiyo akadali wosungunuka, choncho susuluka msanga ndi dzuwa. Ogulitsa akamanena kuti kapetiyu saopa madzi, sakunama. Koma sanena kuti pakati pa ulusi ndi ulusi pali timipata tambirimbiri tomwe timasunga madzi. Kapeti wopindira kunsi uja amagwira ntchito ngati chingwe cha nyali ya parafini: mbali imodzi ili m'madzi a pansi, ina yakumbatira thabwa, ndipo amakokera chinyontho m'mwamba usana ndi usiku. Kapetiyo payekha sawola, amangowoletsa chimene wakumbatira.

Ndipo wakumbatira malo ofooka kwambiri a pulayiwudi. Pulayiwudi ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana, kamodzi kutsata uku, kena kutsata uko. Ndiye kuti paliponse pomwe mwadula, theka la timatabwato laonetsa mitsempha yake, njira zomwe mtengo unkakwezera madzi uli moyo. Pankhope pa pulayiwudi madzi amalowa pang'onopang'ono, koma m'mphepete amamwedwa. Nkhungu zowoletsa matabwa zimafuna chinyontho choposa 20 peresenti m'thabwa, kutentha pang'ono, ndi malo osapita mphepo. Injini imapereka kutenthako, kapeti amatchinga mphepo, madzi alipo kale. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti madzi a mvula ndi a m'nyanja zopanda mchere ndi amene amawoletsa thabwa msanga kuposa a mchere, chifukwa mchere umafooketsa nkhunguzo. Mchere uli ndi mlandu wake pa zitsulo, koma pa thabwa wopalamula wamkulu ndi madzi abwino omwewa.

Musanagwire chilichonse, chotsani waya wa batire, ndipo jambulani zithunzi ndi foni mbali zonse: pomwe mahinjesi akhala, mmene kapeti wapindidwira m'makona, pomwe pali msoko, komanso mbali imene ubweya wake wagonera. Chivundikiro n'cholemera kuposa mmene chimaonekera, makamaka ngati siponji ya m'kati yamwa madzi, choncho pezani wokugwirirani pomasula mahinjesi. Ngati pali zitsulo za gasi zija zothandiza kunyamula chivundikiro, muzimasule chivundikirocho chili chotsekula mpaka mapeto, pamene zatambasuka ndipo zilibe mphamvu yokankha. Masikuluu ndimawabaya pa katoni potsata mmene analili pa boti, chifukwa amaoneka ofanana koma kutalika kwake kumasiyana, ndipo sikuluu wamtali akalowa pa bowo la wamfupi amatha kuboola pansi pa boti n'kukapeza waya kapena paipi ya petulo.

Tsinde lonse lituluke m'boti. Ndikudziwa kuti ena amamata kapeti tsinde lili pamalo pake pofuna kupewa kumasula, koma ine sindivomereza, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, simungaone kunsi kwa thabwa, komwe ndi kumene kuli nkhani yonse. Chachiwiri ndi moto. Guluu wa contact (wopaka mbali zonse ziwiri), ndi zosungunulira monga thina ndi acetone, zimatulutsa mpweya woyaka wolemera kuposa mpweya wamba, ndipo m'boti mpweya wolemera ulibe kothawira. M'galimoto umatsikira pansi n'kumwazika ndi mphepo, koma boti n'lotsekeka kunsi, ndiye umakaunjikana pansi pa injini, pomwe pali pampu yamagetsi yopopa madzi imene imadziyatsa yokha. Mpweya wa petulo umachitanso chimodzimodzi, ndipo umayaka ukangofika pakati pa 1.4 ndi 7.6 peresenti ya mpweya wa pamalopo. N'chifukwa chake malamulo a ku United States amafuna kuti maboti a petulo oterewa akhale ndi chikwangwani chouza woyendetsa kuyatsa fani yotulutsa mpweya kwa mphindi 4 asanalize injini. Ntchito ya guluu ichitikire panja, pa tebulo, kutali ndi boti.

Kapeti wakale musamung'ambe mwaukali. Musendeni pang'onopang'ono kuti atuluke wathunthu, chifukwa akuuzani mmene amene anamumata anadulira makona. Koma musamukhulupirire pa miyeso. Kapeti amene wakhala zaka akunyowa ndi kuuma amakhwinyata kwina n'kutanuka kwina, ndipo mukadula watsopano ndendende potsata iyeyo mudzapeza kuti waperewera pa kona yomaliza. Masitepulo akale ambiri amakhala atadyeka ndi dzimbiri, mitu yokha n'kutsala. Zulani onse amene mungathe ndi pulayala, ndipo amene athyokera m'kati akhomereni kuti alowe, apo ayi adzakung'ambirani sandipepala ndi zala. Guluu wakale amachoka ndi chopalira, ndipo akamakanirira, kutentha pang'ono kumamufewetsa. Sikofunika kuti thabwa lichite kuwala, bola pasatsale zotumphuka, chifukwa kapeti wa m'boti ndi wopyapyala ndipo kabuluzi kalikonse ka pansi kamaonekera pamwamba.

Tsopano tengani sikuludiraiva n'kumabaya thabwa, kuyambira m'mphepete mwa pansi, kenako mozungulira bowo lililonse la sikuluu, makamaka pa mahinjesi. Thabwa labwino limakana. Lowola limalola chitsulo kulowa mosavuta, ndipo nthawi zina timatabwa take timasendeka ndi chala. Pa langa, mbali ya kumbuyo inali yofewa kuyambira pansi kukwera pafupifupi m'lifupi mwa chikhatho, pamene pamwamba pake panali polimba ngati latsopano. Munthu wongoyang'ana kunja sakanadziwa.

Apa ndi pomwe anthu amasiyana maganizo. Pali mankhwala amadzimadzi a epoxy, guluu wouma n'kulimba ngati pulasitiki, amene amati mukathira pa thabwa lowola amalowa n'kulilimbitsa. Pa kamalo kakang'ono, thabwa litauma bwino, amathandiza. Koma tsinde la chivundikiro ndi matabwa anayi kapena asanu owongoka, amene munthu wodziwa kugwira sowo angadule m'mawa umodzi potsata akale omwewo. Kulimbana ndi kupulumutsa thabwa lowola pa chinthu chosavuta chotere n'kutaya nthawi, ndipo kumbukirani kuti pamenepa pamakhala anthu, mahinjesi ake amakokedwa tsiku ndi tsiku, ndiponso boti likamenya funde zonsezi zimagwedezeka. Ine ndinadula latsopano.

Pulayiwudi wa m'maboti amasiyana ndi wamba pa zinthu ziwiri: guluu wake sasungunuka ndi madzi, ndipo m'kati mwake mulibe mipata yobisika momwe madzi angaime. Wabwino amakhala ndi chidindo cha muyezo wa ku Britain wa BS 1088, ndipo wambiri amapangidwa ndi mtengo wa okoume wochokera ku Gabon ndi maiko oyandikana nalo. Koma pali chimodzi chimene dzinalo limanamiza anthu: pulayiwudi ameneyu sanathiridwe mankhwala oletsa kuwola. Okoume payekha ndi mtengo wosachedwa kuwola. Amakondedwa chifukwa n'ngopepuka komanso wosalala, osati chifukwa cholimbana ndi nkhungu. Choncho ngakhale mugule wa chidindo, ntchito yomutseka ku madzi ikadali yanu. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a kopa sawola msanga, n'zoona, koma kopayo amadya aluminiyamu ndi zitsulo wamba zikanyowa, ndiponso thabwalo limabwera lonyowa ndi mankhwala moti epoxy ndi guluu sizigwira mpaka litauma kwa nthawi yaitali. Palinso matabwa a pulasitiki woyera wa HDPE amene sawola mpang'ono pomwe, koma guluu wa kapeti sagwirapo, ndipo sikuluu samangika mwamphamvu ngati m'thabwa. Kwa tsinde lofuna kukulungidwa kapeti, ine ndimabwerera ku pulayiwudi wa mamilimita 18.

Kutseka thabwa ndi kumene ndimathera nthawi yambiri, ndipo ndi kumene palibe adzakuyamikireni, poti zonse zidzabisika. Mukadula ndi kulumikiza felemu, kwechani makona ake onse ndi sandipepala kuti asakhale akuthwa. Epoxy sakhala pa kona yakuthwa, amathawapo n'kusiya kagawo kopyapyala, komanso kapeti akapindidwa pa kona yakuthwa ubweya wake umatseguka n'kuonetsa nsalu ya pansi. Kenako pakani epoxy mbali zonse, m'kati ndi kunja, kawiri kapena katatu. M'mphepete mupake mobwereza mpaka thabwa lisiye kumwa. Mudzaona nokha: koyamba amangolowa n'kusiya pouma ngati simunapake kanthu, ndipo mudziwa kuti kwakwana pamene mphepeteyo yayamba kunyezimira n'kukhalabe choncho.

Mabowo a masikuluu nawo ndi mphepete, kungoti ndi yozungulira. Njira imene okonza maboti amagwiritsa ntchito ndi kuboola bowo lalikulu kuposa sikuluu, kulidzaza ndi epoxy wolimbitsidwa ndi ufa wake, kenako akauma n'kuboolanso bowo loyenera pakati pa epoxyyo. Sikuluu amadutsa mu pulasitiki, thabwa osakhudzana ndi madzi. Pa mahinjesi ndimasiya masikuluu a matabwa n'kuika mabawuti odutsa mbali zonse, okhala ndi mawashala aakulu kuseri. Epoxy wina akauma amasiya kamafuta pamwamba kamene kamaletsa guluu kugwira. Kamachoka ndi madzi wamba ndi kansalu kokhakhala, osati ndi thina. Mukatsuka, kwechani pamwamba ndi sandipepala wa nambala 80 kuti guluu apeze pogwira.

Kapeti wa m'maboti amagulitsidwa potengera kulemera kwake, ndipo manambala amene mudzakumana nawo kwambiri ndi ma ounce 16 ndi 20 pa yadi imodzi mbali zonse, omwe ndi pafupifupi magalamu 540 ndi 680 pa mita imodzi mbali zonse. Mtima umakokera ku wolemerayo, poti ndi wofewa ku phazi. Koma pa tsinde palibe phazi. Chimene mukufuna ndi kapeti wopindika mosavuta m'makona, komanso wosasintha kakhalidwe ka chivundikiro. Taganizani: ngati watsopano wanenepa mamilimita 2 kuposa wakale, ndipo ali pamwamba pa thabwa ndi kunsi komwe, chivundikiro chakwera ndi mamilimita 4. Mahinjesi ayamba kukakamira, loko sakukowa, ndipo pa liwiro bokosi likumveka gugudugugudu. Wakaleyo muyezeni pamalo pomwe sanaphwanyike, mwachitsanzo kuseri kwa hinjesi, kuti mudziwe kunenepa kwake kwenikweni. Wa m'nyumba musayese n'komwe, chifukwa nsalu yake ya pansi ndi guluu wake sizinapangidwire kunyowa tsiku lililonse.

Pa mtundu, pafupi ndi injini ndimasankha woderako. Polypropylene amakana madzi koma amakonda mafuta. Oyilo akadontherapo posintha fyuluta amakanirira mu ulusi, ndipo pa kapeti wotuwa banga lake mudzakhala nalo mpaka kalekale. Pulasitikiyu amasungunukanso pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 160, komwe n'kochepa poyerekeza ndi ulusi wina. Injini ya m'boti imaziziritsidwa ndi madzi ndipo tsinde silifika pamenepo, koma ndi chifukwa chokwanira choti kapeti asalendewere m'kati mwa chipinda cha injini pafupi ndi mapaipi a utsi kapena lamba.

Ubweya wa kapeti umagonera mbali imodzi. Mukausisita ndi dzanja mbali ina umamveka wosalala, mbali ina umadzuka, ndipo kuwala kukagwapo mbali ziwirizi zimaoneka ngati mitundu iwiri yosiyana. Jambulani mivi kuseri kwake ndi choko musanadule chidutswa chilichonse. Ngati tsinde ndi lalifupi moti mzere umodzi wautali ungalizungulire lonse, ndi bwino kutero, msoko n'kukhala umodzi wokha, kumbuyo, pansi pa mahinjesi pomwe maso safikapo. Ubweya uloze pansi kuti madzi azitsetsereka. Dulani kuseri ndi mpeni wa Stanley, lezala lake likhale latsopano, ndipo muzisintha kawirikawiri kuposa mmene mukuganizira, chifukwa labala ya kuseri imabunthitsa msanga, ndipo lezala lobuntha limakoka ulusi m'malo modula. Siyani masentimita 5 owonjezera mbali zonse. Kapeti akaikidwa padzuwa kanthawi amafewa ndipo amamvera popinda.

Guluu alipo wa mitundu iwiri, ndipo kusankha kwake kukugwirizana ndi zimene mwachita pa thabwa. Wa kapeti wa panja, wosungunulira ndi madzi, amapakidwa ndi chopakira cha mano ang'onoang'ono, ndipo amakupatsani mpata wosuntha kapeti mpaka akhale bwino. Ndi wabwino pansi pa boti, pomwe ndi potambalala. Koma amauma pokhapokha madzi ake atatuluka, ndiye ngati kunsi kuli epoxy, pamwamba kuli labala ya kapeti, madziwo atulukira kuti? Amatenga masiku, ndipo pa khoma loimirira kapeti amatsetsereka akudikira. Wa contact amapakidwa mbali zonse ziwiri, pa thabwa ndi kuseri kwa kapeti, n'kumusiya kwa mphindi 10 mpaka 20 kuti aume mpaka asamamatirire ku chala. Mbali ziwirizo zikangokhudzana, zagwirana, palibenso kusuntha. Pa tsinde, pomwe paliponse ndi poimirira ndi pokhota, ine ndimatenga wa contact. Yambani mwamuyesa pa kachidutswa, chifukwa wina amasungunula labala ya kuseri, ndipo musapake wochuluka, angatulukire pamwamba n'kuumitsa ubweya.

Matani mbali imodzi imodzi, kuyambira pakati pa mbali ya kutsogolo imene imaoneka kwambiri. Pomwe simunafune kuti pagwire ikanipo pepala lolimba pakati, n'kumalisolola pang'onopang'ono mukupita. Kanikizani mwamphamvu ndi rola kapena kathabwa kosalala, kuchokera pakati kupita kunja, poti guluu wa contact mphamvu yake imadalira kukanikiza. Musakoke kapeti kuti atanuke. Wokokedwa amafuna kubwerera, ndipo dzuwa likamuwomba amayambira m'mphepete kumatuka.

M'makona ndi momwe mumaonekera dzanja la munthu. Pa kona yotulukira kunja, kapeti amazungulira bwinobwino pa khoma, koma mukamamupindira pamwamba pa thabwa amachulukana. Dulanipo kachidutswa konga chilembo cha V, nsonga yake isafike pa kona penipeni, itsalire mamilimita angapo, kuti mbali ziwirizo zikagona zikumane popanda kukwerana komanso popanda kuonetsa thabwa. Pa kona yolowa m'kati zimatembenuka: kapeti amaperewera, ndipo mumangomucheka mzere umodzi kuti atambasuke. Dulani pang'ono, yesani, dulaninso. Pa msoko, kwezani mbali ina pamwamba pa inzake n'kudula zonse ziwiri nthawi imodzi motsata rula yachitsulo, kenako chotsani zotsalazo. Mbali ziwirizo zimakumana ndendende ngakhale dzanja litakhota pang'ono, ndipo mukapesa ubweya ndi bulashi msokowo umabisika.

Tsono kunsi, komwe ndinayambira kudandaula. Pamwamba pa thabwa pindirani kapeti ndithu, alowe m'kati masentimita awiri kapena atatu, chifukwa pamenepo amagwira ntchito: chivundikiro chimagonapo mofewa, phokoso la injini limachepa, ndipo bokosi siligogoda. Koma pansi ine sindipindira. Ndimadula kapeti kuti athere mamilimita ochepa pamwamba pa mphepete ya thabwa, ndipo kunsi kwa thabwalo ndimakhomako timapulasitiki kapena timalabala tolimba tonenepa mamilimita 5 kapena 6, motalikirana, kuti tsinde lisagone pa kapeti wonyowa wa pansi. Madzi amadutsa kunsi, mphepo imapita, ndipo ubweya wa kapeti wa pansi umabisa kampatako moti munthu woimirira saona kanthu. Ngati mwatero, chotsani mamilimita omwewo pa kutalika kwa thabwa podula, kuti chivundikiro chikhale pa msinkhu wake wakale. Wina adzanena kuti mphepete yosapinda imasosoka. Kapeti wa labala kuseri sasosoka kwenikweni akadulidwa ndi lezala lakuthwa, ndipo mukadutsitsa chitsulo chotentha chowotcherera mawaya m'mphepetemo ulusi umasungunuka n'kugwirana. Wina adzanenanso kuti si mmene fakitale inapangira. N'zoona, koma za fakitalezo ndi zimene ndinazipeza zitawola.

Masitepulo ndimaika ochepa, m'kati mokha, pomwe kapeti wapindira, chifukwa sitepulo iliyonse ndi mabowo awiri mu epoxy amene mwavutikira. Achitsulo wamba kapena opaka zinki amachita dzimbiri msanga n'kusiya mizere yofiira pa kapeti. A stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndi abwinoko, makamaka a nambala 316, amene ali ndi molybdenum wothandiza kulimbana ndi mchere kuposa a 304. Koma stainless amadziteteza ndi kakhungu kopyapyala kamene kamafuna mpweya kuti kakhalepo, ndipo akakwiriridwa m'thabwa lonyowa mopanda mpweya amatha kudyeka mwakabisira. N'chifukwa chake osoka mipando ya maboti a m'nyanja zamchere amakonda a Monel, chitsulo chosakaniza nickel ndi kopa chimene kampani ya International Nickel inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndi odula, koma pa tsinde limodzi mufuna ochepa. Atalike mamilimita 10 kapena 12, asatulukire mbali inayo.

Mabowo amene kapeti waphimba musawaboole ndi makina. Chitsulo chozungulira chikakola ulusi umodzi chimaukulunga n'kuusolola, ndipo pa kapeti wa ulusi wosadula nsonga chimatha kusolola mzere wonse kuchokera uku mpaka uko m'kuphethira kwa diso. Bayani ndi msomali kuchokera kuseri kuti mupeze malo, kenako sungunulani bowolo ndi chitsulo chotentha chija. Limatuluka lozungulira bwino, m'mbali mwake molimba. Pansi pa mahinjesi ndimachotsapo kapeti yense kuti chitsulo chigone pa epoxy, chifukwa hinjesi yomangidwa pamwamba pa kapeti imakhwepa ubweya ukaphwanyika, ndipo mudzakhala mukumangitsa mabawuti chaka ndi chaka.

Chinthu chimodzi chosavuta kuiwala ndi mpweya wa injini. Injini ya V8 ya malita 5.7, yofala kwambiri m'maboti amenewa, ikamazungulira ka 4,000 pa mphindi imakoka mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000 pa mphindi iliyonse. Wambiri umalowera m'mapaipi a m'mbali mwa boti, koma pa maboti ena tsinde limakhala ndi mabowo kapena mpata wosiyidwa dala. Ngati wakale anali ndi bowo limene simukulimvetsa, musalitseke pofuna kukongoletsa. Onaninso siponji yoletsa phokoso ya m'kati mwa chivundikiro poti chili pansi kale. Ikayamba kufumbutuka, zinyenyeswa zake zimakatseka sefa ya pamwamba pa injini imene imaletsa moto kutulukira kunja. Ikafuna kusintha, gulani yopangidwira zipinda za injini, yosagwira moto msanga, osati siponji ya matiresi.

Lisiyeni tsinde panja pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti guluu alimbe ndi fungo lake lithe. Pobwezera m'boti, ikani mankhwala otsekera madzi m'bowo lililonse la pansi musanamange sikuluu, poti pansi pa boti napo nthawi zambiri ndi pulayiwudi yemweyo. Mabawuti a mahinjesi musawamangitse kaye. Tsekani chivundikiro, chikhale pomwe chikufuna, onani kuti mpata ndi wofanana mbali zonse ndipo palibe pomwe chikukhudza injini, ndiye mumangitse. Bwezerani waya wa batire, yatsani fani mphindi zake 4, ndipo weramani mununkhize pansi pa injini musanalize.

Mukamaliza mudzakumana ndi vuto limodzi limene palibe guluu angalithetse: tsinde latsopano limachititsa kapeti wa pansi kuoneka wokalamba kuposa kale, ngakhale mutagula mtundu wa dzina lomwelo, chifukwa wapansiyo dzuwa ndi mapazi zamusintha. Pa boti langa kusiyanako kumaoneka ndithu. Wa pansiyo ndamusiya dala, chifukwa kumusenda kumatanthauza kuchotsa mipando yonse ndi kubaya pulayiwudi wa pansi ndi sikuludiraiva yemwe uja, ndipo imeneyo ndi ntchito ya nyengo imene boti silikulowa m'madzi. Pogula ndinatengeratu kapeti wokwanira boti lonse kuchokera pa mpukutu umodzi, chifukwa mipukutu yosiyana imasiyanako mtundu, ndipo wotsalayo ndamusunga wokulunga, osati wopinda, kuti labala yake isathyoke.